Kachasu Wobiriwira ndi Ndulu ya Ng'ona

M'midzi yozungulira Ligowe, monganso m'dziko lonse la Neno, kulibe munthu wamkulu amene sadziwa katchezedwe ka kachasu. Mai atenga madeya, shuga ndi madzi, nazisiya mumgolo masiku angapo kufikira zitawira ndi kusasa. Pambuyo pake athira mumphika waukulu, namata pakamwa pake, nasonkha moto. Nthunzi ikwera, nilowa mumpope wopyola m'madzi ozizira, ndipo kunsonga kwa mpopewo madontho agwera m'botolo. Nchito imeneyi ndi yakalekale, ndipo dzina lomwe la kachasu linachokera ku mau a Chipwitikizi akuti cachaça. Boma la atsamunda linailetsa, apolisi anaswa miphika yosawerengeka, koma moto wake sunazime kufikira lero.

Ine sindiri kulemba kuti nditame kachasu, kapena kuti ndiphunzitse munthu kumtcheza ai. Alipo ambiri amene alalikira kuti anthu aleke kumwa, ndipo mau ao ndi oona. Malamulo a dziko lino nawo salola kupanga ndi kugulitsa mowa popanda chilolezo. Mlandu umene ine ndabwera nao ndi wina.

Limafika tsiku limene madontho aja atuluka achilendo. Nthawi zina abiriwira ngati madzi a m'dziwe. Nthawi zina ayera ngati mkaka wosungunula. Nthawi zina botolo likagona usiku, m'mawa mupeza nsenga pansi pake, zofiira kapena zakuda. Pamenepo mwini mowa anena chiani? Kawirikawiri amati, "Alipo wandipondera mowa wanga." Atatero atenga kansalu, nasefa, nagulitsa. Ndipo womwa akadwala kapena kufa, mudzi wonse uyamba kufunafuna munthu amene anathira ndulu ya ng'ona. Zolakwa ziri ziwiri pamenepa: kugulitsa chinthu chimene chadzionetsa chokha kuti chaipa, ndi kunamizira munthu wosachimwa. Zonse ziwirizi zichokera ku bodza limodzi, lakuti zooneka m'botolo ziribe chifukwa chodziwika. Chifukwa chake chiripo, ndipo chiri mumphika ndi mumpope momwemo.

Tiyambe ndi kubiriwira, pakuti ndiko kumene kuopsa anthu koposa. Mipope ina yotchezera ndi ya mkuwa. Mkuwa wotsukidwa bwino suvuta. Ngakhale m'mafakitale akulu a maiko ena amatcheza mowa m'miphika ya mkuwa. Koma taonani chibangiri cha mkuwa chimene chakhala pachinyezi: chimera dzimbiri lobiriwira. Chomwecho chimachitika m'kati mwa mpope umene waikidwa kuseri kwa nyumba wosatsuka, wosaumitsa. Tsono madeya aja akakhalitsa mumgolo, mbali ina ya mowa isanduka asidi wowawasa, yemweyo wa mu viniga. Asidiyo akwera pamodzi ndi nthunzi, nasungunula dzimbiri la mkuwa, nalitengera m'botolo. Kubiriwira kuja ndi mkuwa wosungunuka. Munthu akaumwa amva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, nachita nseru, nasanza, namva kupotokola m'mimba. Ndipo akamamwa masiku ambiri chiwindi chake chionongeka.

Palinso njira yachiwiri yobiriwiritsa kachasu, ndipo iyi ndiyo indikwiyitsa, chifukwa ndi ya dala. Alipo otcheza ena amene athira feteleza mumgolo kuti mowa uwire msanga, shuga wao abweze ndalama mofulumira. Feteleza wa mtundu wa urea ndi wina wonga iye akatenthedwa mumphika atulutsa mpweya wotchedwa ammonia, wonunkha ngati mkodzo wogona. Mpweya umenewu ukakumana ndi mkuwa uudya, ndipo madontho atuluka a mtundu wa thambo, owala bwino ngati mankhwala a m'botolo la kuchipatala. Kodi pamenepa mfiti ndani? Thumba la feteleza liri pakhonde, dzanja limene linatapa ndi la mwini mowa. Si zokhazo ai. Urea akakhala pamodzi ndi mowa pa moto apanga chinthu china chotchedwa ethyl carbamate, chimene akatswiri a matenda a khansa a bungwe la World Health Organization anachiika mu 2007 m'gulu la zinthu zoganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Chimenechi sichibiriwira konse. Feteleza anapangidwira chimanga cha kumunda, osati mimba ya munthu.

Kansalu kosefera sikathandiza kanthu pa zimenezi. Thirani mchere m'madzi, nimusefe ndi nsalu yoyera bwino: kodi madziwo aleka kuwawa mchere? Chinthu chosungunuka chipyola nsalu monga madzi omwe. Wosefa kachasu wobiriwira achotsa zinyalala zazikulu zokha, kuti wogula asaone kanthu. Uku ndi kubisa, si kuyeretsa ai.

Kuyera ngati mkaka kuli ndi zifukwa zingapo, ndipo pano ndiyenera kunena mwachilungamo kuti si zonse ziri zakupha. Moto ukapitirira, mphika utayamba kutha mphamvu, kumatsiriziro kumatuluka mafuta ena olemera, onunkha ngati nsanza yonyowa. Mafutawa abisala mu mowa waukali, koma mowa ukachepa mphamvu, kapena ukathiridwa madzi, kapena ukazizidwa ndi chisanu cha mwezi wa Juni cha kumapiri kuno, aonekera, ndipo botolo lichita chifunga. Awa ndiwo ena mwa zinthu zodwalitsa mutu m'mawa. Nthawi zina ndi madzi a pamjigo amene wogulitsa wathira kuti mabotolo achuluke. Madzi ena ali ndi laimu, ndipo laimuyo akakumana ndi mowa akhazikika pansi ngati ufa woyera. Nthawi zinanso moto unakula, phala la mumphika linafufuma, nilisefukira mumpope. Zonsezi ndi umbuli kapena umbombo, koma palibe chozizwitsa.

Kuyera kumene ndikuopa ndi kwa pulasitiki. Masiku ano ena alumikiza mpope ndi paipi ya pulasitiki kapena ya mphira, ena alandirira kachasu wotentha m'zigubu zakale. Mowa waukali ndi wotentha usungunula mankhwala amene afewetsa pulasitiki. Paipiyo iuma nikhala yolimba, ndipo zimene zachokamo zalowa mu mowa. Mukathiramo madzi, ziyera. Nanga zigubu ndi migolo imene kale munali mankhwala ophera tizirombo ta thonje kapena mafuta a galimoto? Kutsuka ndi mchenga sikuchotsa zonse zimene zinalowerera m'zipupa zake.

Nsenga zofiira ndi dzimbiri la chitsulo, ndipo zakuda kawirikawiri ndi makoko ochokera m'kati mwa mpope wosatsuka. Pa izi sinditaya nthawi. Zionetsa kuti ziwiya zatha, basi.

Tsopano mvetsani, abale anga, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Kachasu wobiriwira ali ndi ubwino umodzi: achenjeza. Zimene zipha anthu ambiri sizichenjeza konse. Botolo lingathe kukhala loyera mbee ngati madzi a pakasupe, m'kati muli imfa.

Choyamba ndi mtovu. Mipope ina yochotsedwa ku rediyeta ya galimoto yakale, ndi ina yolumikizidwa ndi amisiri a zidebe, ili ndi mtovu m'mfundo zake. Nthunzi yowawasa iunyambita pang'ono pang'ono. Mtovu ulibe mtundu mu mowa, ndipo suphanso tsiku limodzi. Uunjikana m'thupi miyezi ndi zaka. Munthu ayamba kudzimbidwa ndi kupweteka m'mimba, magazi achepa, manja alefuka kotero kuti khasu limpulumuka, impso zifooka, nzeru zisokonezeka. Ku America, kumene anthu a m'midzi ankatcheza mowa wao mobisa ndi marediyeta, madokotala analemba za odwala ambiri otere. Kwathu kuno munthu wotere timati amulodza, chifukwa wawonda popanda chifukwa chooneka.

Chachiwiri ndi methanol. Uyu ndi mbale wake wa mowa umene anthu amamwa: maonekedwe amodzi, fungo lofanana, kuledzeretsa komwe. Koma m'thupi chiwindi chimsandutsa asidi woononga mitsempha ya maso ndi ubongo. Masupuni awiri ang'ono a methanol weniweni angathe kuchititsa munthu khungu, ndipo masupuni awiri akulu angathe kumupha. Pang'ono pake amabadwa yekha mowa ukamawira, makamaka ngati wapangidwa ndi zipatso monga masau, masuku kapena manachesi, pakuti amachokera ku zamkati ndi makoko a zipatso. Mowa wa madeya ndi shuga uli naye wochepa ndithu. Madzi amawira pa madigiri 100, mowa pa 78, methanol pa 65. Poona ichi ena amati ukataya madontho oyamba wamchotsa yense. Kutaya madontho oyamba nkwabwino, pakuti muli zinthu zina zaukali zonunkha ngati penti. Ndipo nchomvetsa chisoni kuti kwathu botolo loyambalo, limene alitcha mutu, ndilo ligulidwa mtengo wapatali. Koma mumphika wa kumudzi methanol satuluka yense poyamba ai. Atuluka pang'ono pang'ono kufikira kumapeto.

Komabe imfa za anthu ambiri nthawi imodzi sizichokera kwa methanol wobadwa yekha. Zichokera kwa methanol wa m'mafakitale, kapena sipiriti woyatsira ndi wotsukira, amene munthu wa dyera wathira mu mowa kuti ukhale waukali pa mtengo wochepa. Mu Novembala 2000 anthu oposa 100 anafa ku Nairobi atamwa chang'aa, kachasu wa ku Kenya, wothiridwa methanol, ndipo ena anachita khungu. Mu Epulo 2010 anthu okwana ngati 80 anafa momwemo ku Kabale, m'dziko la Uganda. Tisati ndi za kutali. Mu 2024 anthu angapo anamwalira mu Blantyre atamwa mowa umene omwa eni ake anautcha Ambuye Ntengeni. Dzina lotero anthu analiseka, kufikira maliro atatuluka.

Nanga njira zimene timayesera kachasu pa msika? Wogula adonthezera pang'ono pansi, nayatsa machesi. Ukayaka lawi la mtundu wa thambo ati ngwabwino. Bodza. Methanol ayaka chimodzimodzi. Lawi lingonena kuti mowa ndi waukali, silinena kuti ndi wotani. Mwambo winanso ndi wakuti mwini mowa ayambe walawa pamaso pa alendo, kuchotsa chikaiko. Mwambowu ndi waulemu, ndipo sindiunyoza. Koma uonetsa chinthu chimodzi chokha, kuti mwini mowa alibe chiwembu mumtima. Methanol ayamba kuonetsa ukali wake patapita maola 12 kufikira 24, nthawi zina kuposa. Wolawa aimirira bwinobwino, naseka, ndipo onse amwa.

Kuti muone kumene bodza la ndulu ya ng'ona lifikitsa anthu, tiyeni tiwoloke malire. Neno achita malire ndi chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, ndipo m'chigawo chomwecho, kufupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli tauni yotchedwa Chitima. Pa 9 Januwale 2015 anthu ochokera ku maliro kumeneko anamwa mowa wa ufa wa chimanga umene iwo autcha pombe. Uwu sunali kachasu. Unali mowa wofulula, wonga masese athu. Anthu oposa 230 anadwala, ndipo 75 anamwalira. Mai amene anafulula mowawo anafa nawo pamodzi, pakuti nayenso anamwa. Mbiri inawanda msanga, nifika m'manyuzipepala a maiko akutali, kuti wina anathira ndulu ya ng'ona mumgolo anthu ali kumanda.

Boma la Mozambique silinakhutire ndi mphekesera. Linatumiza mowa wotsala ndi ufa kukayesedwa kunja, ndipo mu Novembala chaka chomwecho yankho linalengezedwa. Munalibe ndulu. Munali chiphe chotchedwa bongkrekic acid, chopangidwa ndi tizirombo tosaoneka ndi maso totchedwa Burkholderia gladioli, timene tinaswana mu ufa. Ufawo unanyowa ndi madzi osefukira, nuonongeka. Anthu anaona kuti suyenera nsima, koma anayesa kuti ku mowa ulibe kanthu. Chiphe chimenechi chiribe fungo, sichimveka m'kamwa, ndipo kuphika sikuchipha.

Kodi si ganizo lomwelo tiri nalo ife? Chimanga chikaola m'nkhokwe, chikachita chuku, timati, "Ichi nchamowa." Madeya onyowa amene nkhumba yomwe ikadakaika, timathira mumgolo. Kunena zoona, chiphe cha mtundu umenewu sichikwera ndi nthunzi monga achitira methanol. Pa kutcheza chitsala mumphika. Koma ndanena kale kuti moto ukakula phala lisefukira mumpope. Ndiponso wofulula amalawa za mumgolo kuti adziwe ngati zapsa, ana nawo amatapako, ndipo ufa womwewo ndi umene upangidwa masese ndi thobwa, zimene sizipyola mumpope konse. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Za ndulu ya ng'onayo, munthu wina wophunzira wa mu Africa muno anaiyesa kale. Norman Nyazema, katswiri wa mankhwala pa University of Zimbabwe, anatenga ndulu za ng'ona, naziyesa pa nyama, nalemba zimene anapeza mu 1984. Sanapeze ululu umene anthu amaunena. Ndulu ya ng'ona ndi ndulu monga ya nyama zina. Kuchokera 1984 kufika 2015 panapita zaka 31, koma anthu 75 atafa ku Chitima, lilime la anthu linathamangirabe kwa ng'ona, ufa woola uli pomwepo.

Wina adzati, "Nanga kukhulupirira zimenezi kupweteka yani?" Ife a ku Neno sitiyenera kufunsa funso lotero. Mu Januwale 2016, m'dera la Mfumu Dambe, mphezi inapha mtsikana, ndipo anthu anagwira nkhalamba zinai, nazipha, poziyesa mfiti. Dziko lonse linamva, ndipo dzina la boma lathu linanenedwa ndi manyazi. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lakhalapo chiyambire 1911. Ngati mphezi, imene aliyense aiona ikung'anima kumwamba, inaphetsa anthu anai, nanga kudzatani tsiku limene amuna asanu adzafa atamwa pa khomo limodzi? Adzayang'ana yani? Adzayang'ana mkazi wamasiye wokhala kumapeto kwa mudzi, kapena wotcheza mnzake amene anakangana naye za ogula. Ndipo pamene anthu ali kuthamangitsa nkhalamba, mpope uja ukhalabe kuseri kwa nyumba, kudikira Loweruka lina.

Ndidziwa chimene amai otcheza adzayankha, ndipo sindichipeputsa. Adzati: shuga ndinagula ndi ngongole, nkhuni ndinasenza ndekha, mwana afuna fizi, kodi nditaye mabotolo khumi chifukwa abiriwira? Inde, Mai, mutaye. Ndalama ya shuga ibwera ndi mgolo wina, koma maso a mwana wa mnzanu sabwera. Ogula anu si alendo a pamseu. Ndi alamu anu, atsibweni anu, ndi anyamata amene munawaona akukwawa. Musanadziwe chifukwa cha kubiriwira munali wosadziwa chabe. Tsopano mwamva.

Nanunso omwa muli ndi mbali yanu. Ndinu amene mufuna mowa wogwetsa msanga, nimunyoza wotcheza woona mtima kuti mowa wake ndi madzi. Wothira sipiriti athira chifukwa adziwa kuti mudzamtama.

Kwa akulu a Boma ndi a Khonsolo ndinena ichi mwaulemu. Kuswa miphika kwayesedwa kuyambira nthawi ya atsamunda. Mphika ukasweka lero, mawa wotcheza afuna chiwiya china chotchipa, ndipo chotchipacho ndicho mgolo wa mankhwala ndi paipi ya pulasitiki. Maiko ena anayesa njira zina. Uganda mu 1965 inakonza kuti otcheza okhala ndi chilolezo azigulitsa mowa wao ku fakitale, kumene unkatchezedwanso ndi kuyeretsedwa, ndipo ndimo munachokera Uganda Waragi. Kenya mu 2010 inaloleza chang'aa, koma ndi malamulo a kapangidwe ndi kaikidwe m'mabotolo. Njira zimenezi sizinathetse mabvuto onse, monga imfa za ku Kabale zionetsa. Koma ife tiri nalo bungwe la Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, limene nchito yake ndi kuyesa zakudya ndi zakumwa. Chiletsa nchiani kuti alangizi a zaumoyo, amene ayendera kale zitsime ndi zimbudzi m'midzi, aziyang'ananso mipope, ndi kutenga timabotolo pa msika wa Ligowe kukayesetsa? Mafumu nawo angathe kulamula m'midzi yao kuti feteleza, sipiriti ndi rediyeta zisayandikire mphika, monga alamulira za ziweto zolowa m'minda.

Kufikira zimenezo zitachitika, dziwani zizindikiro izi. Munthu amene anamwa dzulo, lero nayamba kuona chifunga kapena kuthwanima m'maso, mutu ukumuwawa koopsa, akusanza, akupuma mofulumira ngati wathamanga, ameneyo si matsire ai. Musamgoneke kuti mowa umchoke, musapite naye kwa woombeza. Mtengereni ku chipatala cha Ligowe kapena ku chipatala chachikulu cha pa Neno tsiku lomwelo, pakuti mankhwala olimbana ndi methanol athandiza koposa akaperekedwa msanga, maso asanafe. Itanani onse amene anamwa naye, ngakhale iwo amene akuti ali bwino. Ndipo botolo limene anamwera musalitaye kapena kulitsuka poopa mlandu. Litsekeni, mulitenge, mukalipereke m'manja mwa adokotala pamodzi ndi wodwalayo.